Miyezi 40 ndili ndi Mitsubishi Legnum VR-4 mu Harare: babu limodzi losowa ndi madola 1,930

Loweruka lapitali ndinalipira madola 640 a ku America kwa makanika wa ku Gazaland, dera la magalaja ku Highfield muno mu Harare, ndipo madzulo a tsiku lomwelo mlamu wanga wa ku Mufakose, amene wakhala akuisirira galimotoyi kuyambira tsiku limene ndinaiimika koyamba pakhomo pake, anandifunsa funso limene ndinalephera kuliyankha pomwepo. Anati: "Alamu, kodi chinthu chanuchi ndi chuma chimene mukusungira ana, kapena ndi dzenje limene mukutayamo ndalama?" Ndinaseka n'kuyamba nkhani ina, koma usiku umenewo ndinatulutsa envulopu ya malisiti onse amene ndasunga kuchokera mu June 2022, n'kuwayala patebulo ndi kuwerengera. Zimene ndikulembazi ndi yankho lake, komanso la wina aliyense amene akuganiza zogula galimoto yamphamvu yakale ya ku Japan poyembekezera kuti mtengo wake udzakwera.

Galimoto yanga ndi Mitsubishi Legnum VR-4 ya 1997, yoyera, yamagiya 5 osintha ndi dzanja, yoyendera matayala onse anayi. Legnum ndi Galant yomweyo koma yotalika kumbuyo ngati galimoto ya banja, ndipo mitundu iwiriyi inatuluka mu 1996 n'kupambana mphoto ya galimoto ya chaka ku Japan. Injini yake ndi 6A13TT, ya V6, ya malita 2.5, yokhala ndi maturbo awiri ang'onoang'ono. Pamapepala amailemba mphamvu ya 280 PS, nambala imene makampani a ku Japan anagwirizana kuti asamaipitirire polengeza mphamvu za magalimoto awo kufikira mu 2004. Anasiya kuipanga mu 2002. Ndinaigula pa madola 4,500 itayenda makilomita 148,000, ndipo lero wotchi ikuwerenga 189,000.

Chifukwa chimene anthu saidziwira n'chosavuta kuchiona. M'zaka zomwe inkapangidwazo, maso a dziko lonse anali pa Lancer Evolution, imene Tommi Mäkinen anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse wa rally zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1996 mpaka 1999. Dzina la VR-4 linali ndi mbiri yakeyake kale, ngakhale kuno ku Africa, pakuti Kenjiro Shinozuka anapambana ku Ivory Coast mu 1991 ndi 1992 akuyendetsa Galant VR-4 yakale ija ya masilinda anayi, koma mbiri imeneyi inaphimbika. Kuno ku Harare anyamata okonda liwiro amatchula Altezza, Subaru, Mark X ndi Golf GTI. Yangayi akaiona pamaloboti a mumsewu wa Samora Machel amaiyesa galimoto ya abusa, ndipo wina wogulitsa masipeya ku Kaguvi Street anandifunsa mosaseka ngati ndimanyamulira maliro. Kunena zoona, kusadziwika kumeneku ndi chimodzi mwa zinthu zimene ndimaikondera, chifukwa palibe amene amandiputa kuti tithamangitsane, ndipo akuba magalasi ndi nyali alibe kokagulitsa zake.

Zimene zimagwira bwino ntchito sizifuna mawu ambiri. Injini sinatsegulidwepo ndipo simadya oyilo, kupatula kakulira ka "tiki tiki" ka m'mawa kamene kamatha ikangotentha. Giyabokosi ndi yolimba, mipando sinang'ambike, ndipo makina oziziritsa mkati amapirira kutentha kwa October. Mabuleki ndi ochepa poyerekeza ndi kulemera kwa galimoto yopitirira tani imodzi ndi theka, choncho munthu amaphunzira kuyamba kuponda msanga. Lamba wa taimingi, pampu ya madzi ndi mapulagi ndinasintha mwezi woyamba, ndipo amene akufuna kugula adziwiretu kuti mapulagi atatu a kumbuyo safikirika popanda kuchotsa chitsulo chonse cholowetsa mpweya pamwamba pa injini, motero ntchito ya mphindi 20 pagalimoto ina pano imatha theka la tsiku. Chinthu chimene sindinachiyembekezere ndi ubwino wa turbo pamalo okwera ngati ano. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini zopanda turbo zimataya mphamvu ndithu, pamene iyi imadzikankhira mpweya yokha n'kumakoka ngati kuti ili ku Beira.

Petulo ndiye imamwa mopanda manyazi. M'tauni, pakati pa makombi (maminibasi) ndi mishikashika (timagalimoto tonyamula anthu mopanda chilolezo), lita imodzi imandiyendetsa makilomita 6 kapena 7, ndipo panjira yaitali imafika 10 ngati phazi lili laulemu. Petulo wa kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, nthawi zina mpaka magawo 20 pa 100, ndipo mapaipi a labala a 1997 sanapangidwire zimenezo, choncho ndinawasintha onse nditangomva fungo la petulo pansi pa boneti. Pa chifukwa chomwecho sindinayerekeze kuwonjezera mphamvu ya maturbo, ngakhale kuti aliyense wodziwa za injiniyi amandinyengerera kutero.

Ulendo umene unandigwetsa m'chikondi unali wa December 2023, pamene tinapita kumudzi ku Malawi kudzera ku Mutoko, Nyamapanda, Tete ndi Zobue mpaka kutulukira ku Mwanza. Tinali anthu anayi ndi katundu wodzaza mpaka kudenga. Panjira imeneyi vuto lalikulu ndi malole a mafuta ndi a makontena amene amayenda atatu kapena anayi motsatizana, ndipo galimoto wamba imadikira mtunda wautali isanapeze mpata wowapitirira. Iyi ndinkangotsitsa ku giya yachitatu, maturbo n'kuyamba kuliza kamluzu kawo, ndipo tisanamalize kupuma malole onse anali pagalasi loonera kumbuyo. Kutentha kwa ku Tete sikunasunthe singano ya madzi ngakhale pang'ono. Pobwerera tinanyamula matumba awiri a mpunga wa Kilombero ndi usipa wa achibale theka la Highfield, ndipo apa mpamene ndinakumbukira kuti galimotoyi ndi yofupika, chifukwa pansi pake panakhula pabampu iliyonse ya m'matauni a m'njira.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandidyera ndalama ndi tulo. Galimotoyi ili ndi chipangizo chotchedwa AYC, chimene chinatulukanso pa Lancer Evolution IV m'chaka chomwecho cha 1996. Mkati mwa difu ya kumbuyo, chipangizo chogawa mphamvu ku matayala awiri a kumbuyo, muli timakilatchi tiwiri timene timafinyidwa ndi oyilo wokankhidwa ndi pampu yamagetsi, ndipo munthu akamakhota, kompyuta imatumiza mphamvu yochuluka ku tayala la kunja kuti galimoto izungulire mosakakamiza m'malo mokankhira mphuno kutchire. Pampu imeneyi imakhala pansi, kumbuyo, pamalo pamene matope ndi madzi onse a mumsewu amafikapo. Ku madera a ku Japan kumene kumagwa chipale chofewa amathira mchere m'misewu, ndipo mcherewo umadya pampuyo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Choopsa chake n'chakuti pampu ikafa galimoto imayendabe bwinobwino, difu imangokhala ngati ya galimoto ina iliyonse, ndipo chokhacho chimene chimamuuza mwini wake ndi kanyali kochenjeza ka pa dashibodi.

Kwa miyezi 14 ndinayenda osadziwa kanthu. Tsiku lina usiku ndikuonera pa YouTube munthu wa ku New Zealand akuyendetsa yake, ndinaona timizere tikuyaka pa dashibodi yake nthawi iliyonse akakhota, ndipo atapotoza kiyi, kanyali kolembedwa AYC kanayaka kamphindi n'kuzima. Ndinadzuka ndi tochi n'kupita panja. Ndinapotoza kiyi kasanu: nyali ya oyilo inayaka, ya batire inayaka, ya ABS inayaka, koma pamalo a AYC panali mdima. M'mawa mwake wokonza zamagetsi anamasula bolodi la mawotchi n'kulitembenuza pa benchi yake, ndipo pakati pa mizere ya mababu panali kabowo kamodzi kopanda kanthu, kotsekedwa ndi kachidutswa ka tepi yakuda kodulidwa mwaudongo ndi lumo. Anandiyang'ana n'kunena kuti babu lopsa limapezeka lili pamalo pake, koma lochoka limachita kuchotsedwa ndi dzanja la munthu. Titaikamo babu la senti 50, linayaka osazimanso. Titatsegula m'mbali mwa buti, kabotolo ka oyilo wa AYC kanali kouma mpaka pansi, ndipo pampu yake pansi pagalimoto inali yoyera ndi chuku cha mchere ngati chitsulo chotoledwa m'nyanja.

Apa ndiyenera kunena za amene anandigulitsa. Ndi bambo wachikulire wogulitsa magalimoto pabwalo lina kum'mwera kwa mzinda, amene makolo ake anachokera kwathu komwe, ndipo tinadziwana pamaliro a munthu wa kumudzi. Tsiku logula tinalankhula Chichewa chokhachokha, anandifunsa za mfumu ya kwathu, ananditchula mphwake, ndipo ine ndinachita manyazi kubweretsa makanika wanga kuti adzagwade pansi pagalimoto ya munthu wamkulu ngati kuti ndikumuyesa wakuba. Kulakwa kumeneku ndi kwanga ndipo sindikukukankhira kwa wina. Chikomekome cha mkuyu ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo ndinangoona kufiira kwa kunja. Nditapita kukawaonetsa chithunzi cha kabowoko, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti: "Mphwanga, galimoto imeneyi inadutsa m'manja ambiri isanafike kwa ine, ndipo ine sindidziwa za mababu." Ndinati: "Bambo, sindikunena kuti ndinu munachotsa, koma munandiuza kuti zonse zikugwira ntchito, ndipo mtengo ndinalipira wa galimoto yathunthu." Anayankha kuti patha chaka, ndipo kuti galimoto ikuyenda. Pa zonse ziwirizo sananame.

Kukonza kwake kunanditengera zaka ziwiri, ndipo ndikufotokoza mwatsatanetsatane kuti wina asabwereze. Makanika woyamba, amene anali asanaonepo difu yotere, anakhetsa oyilo n'kuthira oyilo wa magiya wokhuthala m'mabowo onse awiri. Difu imeneyi ili ndi zipinda ziwiri zosiyana: china cha magiya chimene chimalandira oyilo wa magiya, ndi china cha timakilatchi chimene chimafuna oyilo wake wopyapyala. Oyilo wa m'kabotolo ka pampu nayenso ndi wofiira wa mtundu wa ATF SP-III. Patangopita masiku ochepa galimoto inayamba kubuula ngati ng'ombe nthawi iliyonse ndikazungulira pa raundabauti, ndipo madola 60 amene ndinamulipira anapita pachabe pamodzi ndi oyilo amene tinatsukira kawiri konse. Kenako ndinaitanitsa pampu yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Britain, imene pamodzi ndi ndalama yotumizira ndi msonkho wa pachipata inakwana madola 700, ndipo kuiika kunadya ena 150. Vuto linabwera pochotsa mpweya m'mapaipi, chifukwa ntchitoyi imafuna kompyuta yapadera imene imalamula pampu ndi mavavu ake kutseguka motsatana, ndipo m'magalaja onse amene ndinafunsako palibe amene anali nayo. Tinachita kukweza galimoto, kulumikiza mawaya ku batire ndi dzanja, wina ali pa chiwongolero, wina ali pansi ndi sipanala. Nyali inazima, timizere tinayaka, ndipo kwa miyezi inayi ndinali munthu wosangalala kwambiri mu Harare.

Ndiyenera kuvomereza kuti miyezi inayi imeneyo inandionetsa galimoto ina. Pamsewu wokhotakhota wa ku Christmas Pass potsikira ku Mutare, mvula ikuwaza, ndinamva kumbuyo kwa galimoto kukuthandiza kukhota, chinthu chachitali chonsechi chikuzungulira ngati chafupikitsidwa ndi mita yathunthu. Amene amanena kuti AYC ndi chidole chongowonongetsa ndalama sanayendetsepo yogwira ntchito pamsewu wonyowa.

Kenako, mvula ya February itadzaza maenje a m'misewu ya kwathu, nyali inayakanso. Pampu ya ku Britain nayo inali ndi dzimbiri lake mkati, pakuti kumenekonso amathira mchere. Ndinagula timalabala ndi mbale zatsopano zokonzera mkati mwake pamodzi ndi mapaipi achitsulo, madola 380, ndipo zinagwira milungu isanu ndi umodzi. Nthawi imeneyo ndinakwiya kwambiri moti ndinalemba chikwangwani chogulitsa n'kuchiika pagalasi, koma mkazi wanga anachichotsa ponena kuti munthu sagulitsa mbuzi tsiku limene yamudyera chimanga. Amene wathetsa nkhaniyi, ngati yathadi, ndi makanika wa ku Gazaland uja, mkulu wofatsa amene anazolowera mapampu a mathirakitala. Anapeza kuti kaswitchi koyeza mphamvu ya oyilo kankanama, motero pampu inkangozungulira osapuma mpaka mota yake kupsa. Anakulunganso mota, anasintha kaswitchi, ndipo anasula kabokosi ka malata kotchinga pampu yonse ku matope, chinthu chimene chikanapulumutsa pampu yoyamba ija chikanakhalapo. Imeneyo ndiyo bilu ya madola 640. Zonse za AYC pamodzi zakwana madola 1,930, ndipo malisiti onse a miyezi 40, osawerengera petulo, laisensi ya ZINARA (bungwe loona za misewu kuno) ndi inshuwalansi, akwana madola 5,870. Ndawononga ndalama zambiri poisamala kuposa zimene ndinaigulira.

Nanga za kukwera mtengo, zimene mlamu wanga akufunsa kwenikweni? Pali zifukwa zenizeni zoyembekezera. Dziko la America limalola kulowetsa galimoto iliyonse imene yakwanitsa zaka 25, ndipo lamulo limeneli ndi limene lakweza kwambiri mitengo ya magalimoto a ku Japan a m'ma 1990, monga Skyline GT-R ndi Lancer Evolution. Yanga inakwanitsa zaka zimenezo mu 2022. Anthu amene sangakwanitse mayina akuluakuluwo ayamba kuyang'ana zotsatira zake, ndipo galimoto ya banja ya maturbo awiri, yamagiya a dzanja, ndi mtundu umene makampani sakupanganso. Zambiri zinaphwasulidwa ku New Zealand, ku Russia ndi ku Britain pamene zinali zotchipa, choncho zotsala zikuchepa chaka ndi chaka. Kunonso, kuchokera mu 2021 boma linakhwimitsa lamulo la magalimoto opitirira zaka 10 olowa m'dziko, kutanthauza kuti ma Legnum amene alipo ndi omwewo basi. Ine ndikudziwa atatu mu Harare, ndipo imodzi mwa izo ili pa njerwa ku Chitungwiza.

Koma kusowa kwa chinthu sikukweza mtengo ngati palibe ochifuna, ndipo ochifunawo ali kutsidya kwa nyanja. Wogula wa ku America amafuna galimoto yochokera ku Japan mwachindunji, yokhala ndi pepala la kumsika wa kumeneko losonyeza makilomita enieni ndi mbiri yake. Yanga ilibe pepala limenelo, dashibodi yake inang'aluka ndi dzuwa la kuno, penti ya padenga yayamba kusuwa, ndipo marimu awiri anawongoledwapo atagunda maenje. Kuti ikafike kwa iye iyenera kukwera lole mpaka ku Durban kapena ku Beira, kenako sitima, ndipo ndalama zimenezo zikhoza kumeza phindu lonse. Pamsika wa kuno mtengo umaikidwa ndi munthu amene akuona galimoto ya zaka pafupifupi 30, yakumwa petulo, imene masipeya ake sapezeka ku Kaguvi Street. Pamene chikwangwani chija chinali pagalasi, amene anatchula ndalama zambiri anati madola 3,000, ndipo wina ankafuna injini yokha kuti akaike m'galimoto yochitira masewera ozungulira. Masipeya enieniwo ndiwo nkhawa yanga yaikulu ya m'tsogolo, chifukwa zinthu monga nyali za kumbuyo, magalasi a m'mbali ndi maturbo zimachita kusakidwa kwa anthu ophwasula magalimoto kunja, ndipo chilichonse chimatenga mwezi kuti chifike. Choncho kwa mlamu wanga ndikuti, ngati cholinga ndi kusungira ana, ndalama zomwezo zikanagula njerwa ndi malata. Ngati cholinga ndi kuyendetsa chinthu chimene palibe galimoto ina ya mtengo umenewu ingachite, sindinapezebe yofanana nayo, ndipo Lolemba m'mawa, nyali itazima ndi timizere tikuyaka, ndinadutsa njira yaitali ya ku Enterprise Road popita kuntchito popanda chifukwa china chilichonse.

Chimene chasokoneza maganizo anga ndi foni imene ndinalandira sabata ino. Anali bambo aja. Mwana wawo amene ali kunja anawauza za mitengo ya magalimoto otere kumeneko, ndipo mwadzidzidzi akumbukira kuti ali ndi mphwawo. Anati: "Mphwanga, ndamva kuti galimoto ija yakuvutitsa kwambiri, ndipo mtima wanga sukupeza mtendere. Bwera nayo ndikubwezere madola 4,500 ako onse." Nditakhala chete anakweza kufika pa 5,000. Ndinawayankha mwaulemu kuti: "Bambo, galimoto imene munandigulitsa inali yopanda AYC, ndipo imene mukufuna kugulayi ili nayo. Mtengo wake ndi 4,500 yanu ija kuphatikizapo 1,930 ya pampu, yonse pamodzi madola 6,430, a ku America osati ZiG, ndalama ya kuno, ndipo babu la senti 50 lija ndakukhululukirani." Anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu amene wamva bwino lomwe, n'kunena kuti ana a masiku ano ndi ouma mtima ndipo adzandiimbira mwezi ukatha.

Mwezi ukutha Lachisanu. Pakadali pano kilatchi yayamba kuterereka ndikaponda kwambiri pa giya yachinayi, ndipo mkulu wa ku Gazaland akuti yatsopano pamodzi ndi ntchito yake, imene imafuna kutsitsa giyabokosi yonse, idzakwana madola pafupifupi 750. Bambo aja akabwera ndi 6,430 m'manja kilatchiyo ndisanaiitanitse, ndidzawauza za kutererekako pamaso pa mboni, ndidzawapatsa makiyi onse awiri pamodzi ndi envulopu ya malisiti, ndipo ndidzawapempha kuti apotoze kiyi okha n'kuwerenga nyali zonse za pa dashibodi. Akabwera ndi 5,000, kilatchi ndiitanitsa Lolemba.